Njinga Yofiira ya a Phuliphuli

Pamalo pomwe a Phuliphuli ankatsukira magalimoto, anthu ankati ntchentche ikatera pa boneti imaterereka n'kuthyoka mwendo. Linali bodza, inde, koma bodza loyandikana ndi choonadi. Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso basi. Aliyense, ngakhale antchito awo omwe, ankawatchula ndi dzina la ntchito ya manja awo. Anali ndi makina opopera madzi aja oti akakuwomba pa phazi umavina usakufuna. Pa shelefu panali mabotolo a polishi, wa matayala payekha, wa magalasi payekha, wa mipando payekha, ndipo nsalu zopukutira zinkapindidwa ngati matewera a mwana woyamba. Eni akewo ankasita malaya ngakhale popita kukataya zinyalala. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi, choti chinthu chikamawala ndiye kuti chili bwino.

Chaka chimene akazi awo anamwalira, bambowa anazima. Mayi aja ankaoneka athanzi, a masaya, oseka ndi aliyense. Kupweteka kwa m'mimba ankakubisa ndi nthabwala, mpaka tsiku lina anagwa m'khitchini. Madokotala atawachita opaleshoni anapeza matenda atamanga kale nthenje, ndipo kunyumba sanabwererenso. A Phuliphuli anatolapo phunziro lolakwika, koma ine sindiwaweruza, poti munthu wolira samva bwino. Iwo ankangoti, "Mkazi wanga analowa m'chipatala akuyankhula. Anamutsegula, basi n'kupita." Kuntchito ankapitabe, malaya ositidwa bwinobwino, koma akafika ankangokhala pa mpando, maso ali pa geti, thupi likungokula.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, namwino pa chipatala china mumzinda wakutali. Atabwera pa tchuthi m'chilimwe, anawamanga pa mkono kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi, n'kupeza kuti akuthamanga kwambiri. M'mawa mwake anatulukira akukankha njinga yatsopano yokwerera mapiri, yofiira psuu, matayala ake a mano ngati a thirakitala.

"Ababa, mukapitiriza kukhala pa mpando umenewu, chaka sichitha ndikuikani m'manda. Ine maliro awiri sindingathe."

"Ndiye mankhwala ake ndi choseweretsa ichi? Munthu wa imvi ngati ine, anthu ati chiyani?"

"Anene zomwe anganene. Amalume amakwera phiri lija Loweruka lililonse ndi anzawo, inu muziwatsatira. Chaka chamawa nthawi ngati yomwe ino ndidzabwera, tidzakwere tonse mpaka pamwamba penipeni, n'kutsika limodzi. Ndikadzakuonani pamenepo, mtima wanga udzakhala m'malo kuti bambo ndikadali nawo. Mwalonjeza?"

Ndani angakane mwana wake mmodzi yekhayo, akumuyang'ana ndi maso a mayi ake? Analonjeza.

Amalume akewo, mlongo wa malemu, ankakonza njinga kuseri kwa msika, ndipo anthu ankawatchula kuti a Girisi. Mukanawaona simukanafunsa chifukwa chake. Zikhadabo zakuda bii, ovolosi yoti mutaivula ikhoza kuima yokha, ndipo mu shedi mwawo matcheni, masipoko ndi masipanala zinali mbwee. Njinga yawo yokwerera phiri inali yosupukasupuka utoto, chishalo chomata ndi tepi. Alamu awiriwa ankakondana, koma akakumana ntchito inali kunyogodolana basi.

"Alamu, njinga yanuyo munaitola ku dzala liti?"

"Ku dzala lomwe mudzatayeko yanuyo, alamu, mukamaisambitsa chonchi ngati mkwatibwi."

Loweruka loyamba linali lomvetsa chisoni. A Phuliphuli sanafike ndi pa kamlatho koyamba pomwe. Anatsika n'kumakankha, ali wefuwefu, thukuta kamukamu, fumbi lili m'mano. Anzawo anawadikira pa mthunzi osawaseka. Loweruka lachiwiri kamlathoko anakapitirira. Pofika mwezi wachitatu anali atadziwa kusintha magiya pokwera, kuimirira pa mapedulo podutsa pa miyala, ndi kubwezera thupi kumbuyo kwa chishalo potsika. Pa lamba anaboola kabowo kena. Antchito awo anawamva akuimba mluzu, chinthu chimene chinasowa chimwalirireni mayi aja. Lamlungu lililonse ankatumizira mwana wawo chithunzi cha njinga itatsamira khoma ikunyezimira, iye n'kuyankha kuti, "Koma ndiye mukuisamalatu, Ababa!"

Ankaisamaladi, mwa njira yokhayo imene ankaidziwa. Akangotsika m'phiri, asanamwe ndi madzi omwe, ankaiimika pa simenti n'kuyatsa makina aja. Madzi ankawalozetsa pa tcheni, pa magiya, pakati pa magudumu, paliponse pomwe fumbi likanabisala. Akatero ankaipopera polishi wa matayala thupi lonse, osasiya ngakhale timbale tachitsulo tija timene mabuleki amagwira kuti njinga iime.

Dzinja litafika, phiri linasanduka lina. Njira zinaterera, timitsinje touma tinadzuka, ndipo okwera ankabwerako atapakika matope mpaka m'makutu, mano okha ali mbee. A Phuliphuli ndiye anachita kuikonda nyengo imeneyi, poti matope ochuluka ndiye kutsuka kochulukanso. Tsiku lina kukuwaza kamvula, a Girisi anawapeza ali pa ntchito imeneyi, ndipo ulendo uno nthabwala anazisiya pa geti.

"Alamu, tazimitsani kaye chimenecho. Njinga si lole. Pakati pa magudumupa pali timipira tachitsulo tokhala mu girisi. Madzi amphamvu chonchi amakankha girisi n'kulowetsa mchenga, ndipo akalowa satuluka. Njinga imafuna ndowa, bulashi ndi kansalu, kenako madontho a oyilo pa tcheni pokha. Nanga polishi pa mabulekipa akufunapo chiyani? Pamenepa pamafunika pouma gwa. Bwerani nayo ku shedi ndiitsegule, tsiku limodzi lokha."

"Muitsegule?" Nkhope ya a Phuliphuli inasintha. "Mphatso ya mwana wanga muitumbule ngati nkhuku? Ibwere ndi zidindo za zala zanuzo? Taiyang'anani, ili ndi vuto lanji?"

"Sindikunena za poyang'ana. Tamverani." A Girisi ananyamula gudumu lakutsogolo n'kulizunguza. Linalira chapansipansi kuti kwere kwere, n'kuima msanga.

"N'zatsopano izi, zimatero."

"Alamu…"

"Ndati zinthu zanga zotsegulatsegula ayi! Munatsegulitsa kale kamodzi, sizinakukwaneni?"

Aa, pakamwa! Amene anasaina pepala la opaleshoni ya mlongo wawo tsiku lija anali a Girisi, poti a Phuliphuli anakanika kusaina. A Girisi anapukuta manja pa ovolosi, n'kukwera njinga yawo yonyansa ija, n'kumapita mvula ikuwanyowetsa. Loweruka lotsatira anabwerabe kudzawatenga mlamu wawo, koma za kutsegula sanazitchulenso. Apa onse awiri analakwa, wina ndi kuuma mutu, wina ndi kuopa kuputanso bala.

Mvula itakata, mwana uja anaimba foni tsiku lina masana n'kufunsa kuti, "Kodi amalume amaiyang'anako njingayo? Paja akuti dzinja likatha imafunika kuiona m'kati."

"Amalume ako amaiona Loweruka lililonse," anayankha a Phuliphuli. Silinali bodza lenileni, koma atadula foni anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta njinga yoyera kale.

Udzu unauma, kunabwera nyengo yozizira. Ankanyamuka m'mawa nkhungu itakuta phiri, zala zitauma pa mahandulo, mphuno zikuchucha. Nthawi imeneyi mabuleki anayamba kulira. Akangogwira, phiri lonse linkamva kuti tswii, mpaka agalu a m'munsi kuyamba kuuwa, anzawo n'kumakuwa kuti, "Patukani, ambulansi ija ikubwera!" A Phuliphuli manyazi anawagwira. Atafika kuntchito anatenga kachitini ka mafuta opopera, aja ankathira pa zitseko zolira za magalimoto, n'kupopera pa timbale tija, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Phokoso linati zii. Anadziona katswiri, mpaka anauza antchito awo kuti okonza njinga amangokuza zinthu.

Chimene sanachizindikire n'chakuti mabuleki ankafooka pang'onopang'ono, monga maso amafookera munthu akamakula. Dzanja la a Phuliphuli linali la munthu amene wafinya nsalu zonyowa zaka makumi atatu. Akakupatsa moni unkawerenga zala zako ngati zakwana. Mabuleki akafooka, iwo ankangofinya kwambiri. Akafookanso, ankayamba kugwira adakali patali ndi pokhota, mwinanso kukhwekhwereza phazi pansi. Dzanja linazolowera kubisa vuto mwini wake osadziwa, ndipo iwo ankaganiza kuti njinga zonse n'zotero.

Chilimwe chinabweranso ndi fumbi lake, ndipo namwino uja anasunga mawu ake. Anafika Lachisanu masana n'kuima pa geti pakamwa pali yasa. Bambo ake mimba inali itaphwa, maso akuwala, akuyenda mopepuka. Kachipangizo kaja katawerenga, anawakumbatira misozi ili m'masaya.

"Ababa, zikomo. Tsopano ndizigona tulo."

Loweruka m'mawa a Girisi anabwera ndi njinga ziwiri, yawo ndi ina yoti akwere mwana wa mlongo wawoyo. Yachiwiriyo inali yonyansa kuposa yoyamba, yobiriwira kutsogolo, yakuda kumbuyo, yopanda ndi dzina lomwe.

"Iyi ndinaimasula yonse dzulo n'kuimanganso. Akwere iyi."

A Phuliphuli anaiyang'ana kuchokera ku tayala mpaka ku handulo, mtima n'kuwawa. "Mwana wanga wachokera kutali konseko kuti adzakwere chiphapha ichi anthu akuona? Ayi. Iwe, tenga yofiirayi. Unagula wekha, uone mmene ndakusungira."

"Alamu, musatero," anatero a Girisi motsitsa mawu.

"Amalume, ndiloleni," anatero mtsikanayo akuseka, uku akumanga chipewa cholimba pa chibwano. "Chaka chonse ndakhala ndikuisirira pa zithunzi."

A Girisi anagonja. "Chabwino. Koma tikafika pamwamba musinthane. Potsika ukwere yangayi."

Pokwera mabuleki alibe ntchito, choncho zonse zinayenda bwino. Mtsikanayo anangodandaula kuti njinga ikulemera, bambo ake n'kumuseka kuti, "Ndi miyendo ya mu wodi imeneyo, isanamizire njinga." Anamusiya m'mbuyo kawiri konse, n'kumamudikira monyada, dzanja lili m'chiuno. Atafika pamwamba penipeni, tauni yonse ili pansi pawo, anakhala pa mwala. Kenako a Phuliphuli anati, "Mayi ako akanaona." Mwanayo anawagwira dzanja. Ndikuuzeni zoona, pa chaka chonsecho panalibe mphindi yokoma ngati imeneyo.

Ndiye wina mwa anzawo tayala linaphwa, a Girisi n'kugwada kuti amate chubu. Mtsikanayo, chimwemwe chitamukwera kumutu, anadumphira pa njinga yofiira ija. "Ababa, pokwera mwandiposa. Potsika mundipeze!" Za kusinthana zija palibe anazikumbukira.

A Phuliphuli anamutsatira pa chiphapha chija akuseka. Atayandikira pokhota poyamba anafinya mabuleki monga mwa chizolowezi chawo, ndi dzanja lonse. Njinga inaima pomwepo, tayala lakumbuyo n'kunyamuka, ndipo anatsala pang'ono kuuluka pamwamba pa handulo. Anaponda pansi n'kuyang'ana dzanja lawo. Anayesanso ndi chala chimodzi chokha, njinga n'kugwira. Kani mabuleki amagwira chonchi? Nanga aja a pa njinga yawo, ofuna dzanja la chimunthu chachikulu? Ndipo tsopano anali m'manja mwa mwana wa tizala tobayira jekeseni.

"Ima! Mwana wanga, ima! Ponda pansi!"

Mphepo inawabwezera mawuwo. Kutsogoloko njira inkatsetsereka molunjika, kenako n'kukhota mwadzidzidzi m'mphepete mwa phompho. Anamuona akufinya, akufinyanso, njinga ili pa liwiro la mtondo wadooka. Anamva akukuwa kuti, "Ababa, sikuima!" Mwayi wake nzeru sizinamuthawe. Asanafike pa phompho anaigwetsera dala kumbali, m'zitsamba. Anagwa chadodolido, chipewa n'kumenya mwala kuti pho, njinga n'kupitirira yokha mpaka kukakodwa mu mtengo wa m'mphepete mwenimweni.

Mmene anafikira pamenepo a Phuliphuli sakumbukira mpaka lero. Anamupeza ali moyo, akupuma, nkhope itakalikakalika, chipewa chitang'ambika pakati, mkono wamanja utapindika pomwe mkono supindika. Cha apo njinga inali lende mu mtengo, dzuwa likuiwomba, ikuwala ngati yatuluka m'sitolo lero lomwe.

Kuchipatala anamuika chikhakha n'kumuuza kuti milungu isanu ndi itatu asagwire ntchito. Namwino wosamalira odwala anasanduka womangiridwa zingwe za nsapato. Bambo ake ankamutumikira osamuyang'ana m'maso. Akamubweretsera madzi osamba ankangoika n'kutuluka. Tsiku lachitatu iye anati, "Ababa, tengani njinga ija tipite kwa amalume. Nanenso ndikufuna ndione."

Mu shedi muja a Girisi sananene zoti paja ndinakuuzani. Anaikoleka njinga pa chitsulo, n'kupereka sipanala kwa mlamu wawo. "Masulani nokha." A Phuliphuli, atavala malaya oyera ositidwa, anamasula gudumu lakutsogolo. Munatuluka madzi ofiira a dzimbiri, onunkha, n'kudonthera pa nsapato zawo. Timipira tija tinagwera m'dzanja tili tokumbikakumbika ngati mano obooka, tina titasweka kale. Gudumu lakumbuyo chimodzimodzi, pa mapedulo chimodzimodzi. Tizidutswa ta mabuleki tinali noninoni ndi mafuta, toti kutigwira tinkapulumuka m'zala.

Anakhala pansi pa simenti yakuda ija, osasamala za thalauzi, n'kulira kulira kumene sanalire pa maliro a mkazi wawo.

"Ndikanakupha, mwana wanga. Ndi manja angawa. Ine ndinkati ndikuisamala."

Mtsikanayo anagwada pambali pawo, chikhakha chili pa chifuwa. "Munkaisamala, Ababa, ndikudziwa. Koma tandimverani, izi ndakhala nazo pa mtima zaka ziwiri. Amayi sanafe chifukwa anawatsegula. Anafa chifukwa tinachedwa kuwatsegula. Tonse tinkaona masaya aja n'kumati ali bwino, ngakhale ine namwinone. Amalume sanalakwe."

A Phuliphuli anakweza maso kuyang'ana mlamu wawo. A Girisi anali atatembenukira ku khoma, akufunafuna sipanala ina imene inali m'dzanja lawo lomwe.

"Alamu, ndikhululukireni. Pakamwa panga panakulasani pachabe."

"Zatha, alamu. Nanenso ndinatseka pakamwa pomwe pankafunika kukuwa." Anamina, n'kuwapatsira chitini. "Gwirani ichi. Girisi amapaka ndi chala, osati ndi kansalu."

Lonjezo lija linakwaniritsidwa theka. Kukwera anakwera limodzi, koma kutsika limodzi sanatsike, ndipo mkono wa namwino uja mpaka lero umamuwawa kukazizira. A Phuliphuli amakwerabe phiri Loweruka lililonse. Njinga yofiira ija tsopano ili ndi zipsera, amaitsuka ndi ndowa, ndipo mvula ikangokata amaikankhira okha ku shedi osadikira kuitanidwa. M'zikhadabo zawo muli kamzere kakuda kosachoka. Mwini galimoto akayamikira kuti yawala, iwo amamufunsa kuti, "Nanga mabuleki munayang'anitsa liti?" Ena amadabwa kuti wotsuka magalimoto zimenezi zimamukhudza bwanji. A Phuliphuli amangoyang'ana chipewa chong'ambika pakati chimene anachiika pa shelefu, pakati pa mabotolo a polishi. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.